Baibulo la pafoni la YouVersion pa nkhani ya Utatu Woyera ndi ulamuliro wa Malemba

Pulogalamu ya YouVersion, imene pafoni imaoneka ndi dzina lakuti Bible, yafala kwambiri pakati pa Akhristu amene ali ndi mafoni amakono, moti masiku ano mlaliki akatchula mutu ndi vesi, achinyamata ambiri m'tchalitchi amapisa dzanja m'thumba m'malo motsegula buku. Inayamba mu 2008 ndi mpingo wa Life.Church wa ku Oklahoma m'dziko la America, ndipo mwini ganizo anali Bobby Gruenewald, mmodzi wa abusa a mpingowo. Mu 2021 eni ake analengeza kuti pulogalamuyi inali itaikidwa m'mafoni ndi m'zipangizo zina maulendo okwana 500 miliyoni. Ndi yaulere, ndipo munthu sadodometsedwa ndi zotsatsa malonda ali pakati powerenga Salimo. Ine ndaiyesa pa ntchito imodzi yolemera, yomwe ndi kuphunzira chiphunzitso cha Utatu Woyera pamodzi ndi funso limene limayenda nacho nthawi zonse, lakuti Malemba ali ndi ulamuliro wotani, ndipo zimene ndinene pano zikukhudza ntchito imeneyo basi.

Nkhani ziwirizi sizithera kusukulu ya ubusa. Kwathu kuno munthu wokhulupirira Utatu amafunsidwa mafunso kuchokera mbali zingapo. A Mboni za Yehova akafika pakhomo amanena kuti Yesu ndi Mwana amene analengedwa, ndipo sangafanane ndi Atate. Mnansi wachisilamu amanena kuti Mulungu sabala ndiponso sanabadwe, choncho kulankhula za atatu n'kumuphatikiza ndi ena. Palinso mipingo imene imabatiza m'dzina la Yesu lokha potsamira pa Machitidwe 2:38, ndipo imaphunzitsa kuti Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi maudindo atatu a mmodzi yemweyo. Zokambirana zoterezi, kaya zikuchitikira pakhonde, m'minibasi kapena pasiwa usiku, zimafika pamene wina amati “tisonyezeni vesi”, popeza kutsutsa galu n'kukumba, ndipo ndi pamenepo pamene foni imatuluka m'thumba.

Pa kagwiritsidwe ntchito palibe chovuta chambiri. Chofunika kwambiri kwa munthu wogula bandulo ya tsiku ndi tsiku n'chakuti Baibulo limene walikonda angathe kulitsitsira m'foni kamodzi, kenako n'kumaliwerenga popanda intaneti, ndipo ndikulangiza aliyense kuti achite zimenezi tsiku loyamba lomwelo. Eni ake anakonzanso pulogalamu yopepuka yotchedwa Bible App Lite, yoyenera mafoni a malo ochepa. Zilembo zimatheka kuzikulitsa, ndipo ichi si chinthu chaching'ono. Pamlaga wathu pali mkulu wa mpingo wina amene anali atasiya kuwerenga pagulu chifukwa zilembo za m'buku lake lakale zinkamuvuta. Mdzukulu wake atamukulitsira zilembo pafoni mpaka mawu anayi okha kudzaza mzere, anawerenga mutu woyamba wa Yohane mpaka vesi 18 osapunthwa, chala chake chikukankha sikirini pang'onopang'ono ngati akuopa kuti aiboola.

Mphamvu yeniyeni ya pulogalamuyi kwa ife ili pa Mabaibulo a Chichewa amene ilinawo. Muli Buku Lopatulika, limene linatuluka koyamba mu 1922 pa ntchito yotsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ndipo likupezeka m'kalembedwe kakale komanso kokonzedwa. Muli Buku Loyera, limene linatuluka mu 1998 Akatolika ndi Apulotesitanti atagwirira ntchito limodzi pansi pa Bible Society of Malawi. Mulinso Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero, lofalitsidwa ndi bungwe la Biblica. Kugula mabuku atatu amenewa kusitolo, n'kuwonjezerapo awiri a Chingelezi, ndi ndalama zimene katekisiti kapena mphunzitsi wa kalasi ya ubatizo sangazipeze mwezi umodzi. Apa onsewo ali m'dzanja limodzi, ndipo pa chifukwa chimenechi chokha pulogalamuyi ndi yoyenera kukhala nayo.

Chinthu choyamba chimene munthu wotsutsidwa amachita ndi kulemba mawu akuti “Utatu” pamalo ofufuzira, ndipo sapeza vesi limene lili ndi mawu amenewa, chifukwa m'Malemba mulibe. Wotsutsa amasekerera, wokhulupirira amagwira njakata, ndipo pulogalamu simuthandiza kupitirira apo. Komabe vuto si la pulogalamu, chifukwa mpingo sunanenepo kuti mawuwa ali m'Baibulo. Ndi dzina limene linaperekedwa pambuyo pake pofuna kumanga pamodzi zinthu zitatu zimene Malemba amanena: kuti Mulungu ndi mmodzi, kuti Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera aliyense amatchulidwa ndi kulemekezedwa monga Mulungu, ndiponso kuti atatuwa amalankhulana, amatumana ndi kukondana, kutanthauza kuti sali mmodzi wongosintha mayina. Woyamba kudziwika kuti analemba dzinali m'Chilatini ndi Tertullian wa ku Carthage, dera limene lero lili m'dziko la Tunisia, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 200. Amene amakonda kunena kuti Utatu ndi nzeru za azungu angachite bwino kudziwa kuti Tertullian, Athanasius wa ku Alexandria ndi Augustine wa ku Hippo, anthu amene anasenza kwambiri nkhani imeneyi, onse anali a kumpoto kwa Africa, ndipo ngakhale Arius amene ankatsutsa chiphunzitsochi anali wansembe wa ku Alexandria komweko.

Pamene pulogalamuyi imasonyeza phindu lake lenileni ndi pa batani loyerekezera. Mukagunda vesi n'kusankha kuyerekeza, limakuikirani vesilo m'Mabaibulo onse amene mwasankha, lina pansi pa linzake. Yesani pa 1 Yohane 5:7-8, mutasankha King James Version, New International Version ndi Buku Lopatulika. Mu King James mupeza mawu onena za atatu ochitira umboni kumwamba, Atate, Mawu ndi Mzimu Woyera, ndi kuti atatuwa ali mmodzi. M'mawiri enawo mawu amenewa mulibe. Muli Mzimu, madzi ndi mwazi basi. Alaliki ambiri okonda King James amatenga vesi limeneli ngati nkhonya yomaliza pa mkangano wa Utatu, ndipo akaona kuti m'Baibulo lina mulibe, amafulumira kunena kuti omasulira amakono anadula Mawu a Mulungu. Zoona zake n'zakuti mawu owonjezerawa sapezeka m'mipukutu yakale ya Chigiriki, monga Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus ya m'zaka za m'ma 300, koma analowa kudzera m'mabuku a Chilatini. Katswiri wa ku Holland dzina lake Erasmus atasindikiza Chipangano Chatsopano cha Chigiriki mu 1516 sanawaikemo, mu 1519 sanawaikemonso, ndipo anadzawaika mu 1522 atapanikizidwa ndi omutsutsa. Omasulira King James mu 1611 anatsata malemba a Chigiriki ochokera ku ntchito imeneyo.

Ndimaona kuti ndi mwayi kuti foni ikuulula nkhani imeneyi poyera, ngakhale kuti ena zimawawawa. A Mboni za Yehova amaidziwa bwino mbiri ya vesili, ndipo Mkhristu amene wamanga chikhulupiriro chake chonse pamenepo amagwa chagada pa mphindi zochepa. Aphunzitsi a Chigiriki amene anateteza Utatu m'zaka za m'ma 300 sanadalire mawu amenewa, ndipo akanakhala kuti anali m'mabuku awo sakanalephera kuwagwiritsa ntchito. Mu New International Version muli kachizindikiro kakang'ono pambali pa vesili, ndipo mukakagunda kamatsegula mawu a m'munsi ofotokoza mwachidule za mipukutu. Anthu ambiri amadumpha tizizindikiro timeneti poganiza kuti ndi zokongoletsa, pamene m'menemo ndi momwe muli theka la thandizo la pulogalamuyi.

Nanga Utatu ukuoneka pati ngati vesi lotchukalo lachoka? Apa ndi pomwe kufulumira kwa foni podumpha kuchoka ku buku lina kupita ku lina kumathandiza kwambiri. Werengani Yesaya 45 kuyambira vesi 18 mpaka kumapeto, pamene Yehova akubwereza kunena kuti palibe Mulungu wina koma Iye, n'kulumbira kuti bondo lililonse lidzagwadira Iye ndi lilime lililonse lidzalumbira kwa Iye. Kenako pitani pa Afilipi 2:5-11, pamene Paulo, Myuda wophunzira amene ankadziwa bwino lomwe kumene mawuwo achokera, akunena kuti bondo lililonse lidzagwada m'dzina la Yesu ndi lilime lililonse lidzavomereza kuti Yesu Khristu ndiye Ambuye, kuchitira ulemu Mulungu Atate. Paulo watenga mawu a m'ndime imene ikukana mwamphamvu kwambiri milungu ina, n'kuwaika pa Yesu, koma osachotsa Atate pamalo pake. Chimodzimodzinso pa Aroma 10:13, pamene lonjezo la pa Yoweli 2:32, lakuti aliyense woitana pa dzina la Yehova adzapulumuka, likunenedwa za Yesu. Ndi pa Marko 1:3, pamene njira ya Yehova ya pa Yesaya 40:3 ikukonzedwera Yesu. Pa 1 Akorinto 8:6 Paulo akutenga chivomerezo cha tsiku ndi tsiku cha Aisraele cha pa Deuteronomo 6:4, n'kunena za Mulungu mmodzi, Atate, ndi Ambuye mmodzi, Yesu Khristu. Umboni wa mtundu uwu ndi wolimba kuposa vesi limodzi lotchula atatu pamzere, chifukwa ukusonyeza mmene atumwi eni ake ankawerengera Chipangano Chakale.

Za Mzimu Woyera njira yake ndi yomweyo. Pa Machitidwe 5:3-4 Petro akuuza Hananiya kuti wanyenga Mzimu Woyera, ndipo m'vesi lotsatira akuti sananyenge anthu koma Mulungu. Pa ubatizo wa Yesu, pa Mateyu 3:16-17, Mwana akutuluka m'madzi, Mzimu akutsika, ndipo Atate akulankhula kuchokera kumwamba, zonse pa nthawi imodzi, zimene zimavuta kuzigwirizanitsa ndi chiphunzitso cha maudindo atatu a mmodzi. Mateyu 28:19 pamodzi ndi dalitso lotsekera kalata yachiwiri ya kwa Akorinto ndi ndime zimene Akhristu ambiri a kuno amazimva kawirikawiri m'tchalitchi. Pulogalamuyi imalola kupaka mavesi utoto wosiyanasiyana, ndipo njira imene ndaiona kuti ikuthandiza ndi kupatsa mtundu umodzi mavesi onena kuti Mulungu ndi mmodzi, wina mavesi onena za umulungu wa Mwana ndi wa Mzimu, ndi wachitatu mavesi osiyanitsa atatuwo. Pakapita nthawi munthu amaona yekha kuti mitundu itatuyo yafalikira m'Chipangano Chatsopano chonse, ndi kuti amene agwira mtundu umodzi wokha n'kutaya inayo ndiye amene amasokera. Chofooka cha batani loyerekezera n'chakuti limangoonetsa mavesi amene mwasankha, osati mutu wonse. Kuti muike mitu iwiri mbali ndi mbali ndi bwino kugwiritsa ntchito kompyuta, chifukwa sikirini ya foni ndi yopapatiza.

Pali mfundo ina imene foni singakuuzeni, koma imasintha mmene munthu amaigwiritsira ntchito. Arius naye anali ndi mavesi. Ankatchula Miyambo 8:22, ndipo otsatira ake ankatsamira pa Yohane 14:28, pamene Yesu akunena kuti Atate ndi wamkulu kuposa Iye, pa Akolose 1:15, ndi pa Marko 13:32, pamene Mwana akuti sadziwa tsikulo. Mavesi omwewa ndi amene amamveka pamakomo athu mpaka lero. Pamene mfumu Constantine inaitanitsa mabishopu ku Nicaea mu 325, mumzinda umene lero ukutchedwa Iznik m'dziko la Turkey, mbali zonse ziwiri zinkavomereza kuti Malemba ndi amene ayenera kuweruza, ndipo vuto linali lakuti mawu alionse a m'Baibulo amene ankaperekedwa, a mbali ya Arius ankawalandira n'kuwamasulira mowakomera. N'chifukwa chake msonkhanowo unagwiritsa ntchito mawu osapezeka m'Baibulo onena kuti Mwana ali ndi chikhalidwe chimodzi ndi Atate, wobadwa osati wolengedwa. Nkhaniyo sinathere pomwepo, chifukwa Athanasius, amene anakhala bishopu wa Alexandria mu 328, anathamangitsidwa pampando wake kasanu chifukwa cha chiphunzitso chomwechi. Chimene chinkamulimbitsa mtima chinali chakuti mpingo unkabatiza kale m'dzina la atatuwo ndi kupembedza Khristu, ndipo cholengedwa sichingapembedzedwe kapena kupulumutsa. Ngakhale Pliny, kazembe wa Chiroma amene sanali Mkhristu, analembera mfumu Trajan cha m'ma 112 kuti Akhristu ankaimbira Khristu nyimbo monga kwa mulungu.

Ndanena zonsezi chifukwa pali mbali ya pulogalamuyi imene, m'maganizo anga, imakokera owerenga ku kawerengedwe ka vesi limodzilimodzi kamene kamachititsa kuti mikangano ya Utatu isamathe. Mukangoitsegula, chinthu choyamba kuona ndi vesi la tsiku, lokonzeka kuikidwa pachithunzi cha phiri kapena cha dzuwa lotuluka n'kutumizidwa pa WhatsApp. Pulogalamuyi imawerenganso masiku amene mwaitsegula motsatizana, ndipo nambalayo imakwera ngakhale mutawerenga mizere iwiri yokha. Zimenezi si tchimo, ndipo alipo anthu amene vesi limodzi la m'mawa lawagwira dzanja pa tsiku lovuta. Koma kukhalira vesi la tsiku kuli ngati kukhalira kugula ufa wa walkman: lero mudya, koma m'nyumba mulibe thumba, ndipo mlendo akabwera ndi funso lalikulu mulibe chomuphikira. Tiyenera kukumbukira kuti atumwi sanalembe mavesi. Mitu imene tikugwiritsa ntchito inagawidwa m'zaka za m'ma 1200, ndipo ntchitoyo amati ndi ya Stephen Langton, bishopu wamkulu wa ku Canterbury, pamene manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Manambalawa anaikidwa kuti atithandize kupeza malo, osati kuti mzere uliwonse uziyenda wokha.

Yohane 14:28 ndi chitsanzo chabwino. Likaikidwa lokha pachithunzi, limaoneka ngati latseka nkhani yonse. Koma munthu akabwerera kumayambiriro kwa mutuwo, apeza Yesu akuuza Filipo kuti amene waona Iye waona Atate, ndi kuti Iye ali mwa Atate ndipo Atate ali mwa Iye. Akapitirira mpaka mutu 17 apeza Yesu akupempha ulemerero umene anali nawo pamodzi ndi Atate dziko lisanakhalepo. Akafika pa 20:28 apeza Tomasi akumutcha Ambuye wake ndi Mulungu wake, Yesu osamudzudzula. Aphunzitsi akale ankati ukulu wa Atate pa vesi limeneli ukunenedwa ndi Mwana amene anadzichepetsa n'kukhala munthu, monga Afilipi 2 ikufotokozera, ndipo ena ankati ukunena za Atate monga gwero la Mwana. Munthu angathe kutsutsa mayankho amenewa, koma ayenera kuwatsutsa atawerenga buku lonse la Yohane. Mwamwayi pansi pa vesi la tsiku pali njira yotsegulira mutu wonse, ndipo langizo langa n'lakuti aliyense azichita zimenezo asanatumize chithunzi kwa wina. Paja ngakhale Satana m'chipululu anatchula mawu a mu Salimo 91.

Pa nkhani ya ulamuliro wa Malemba, pulogalamuyi imautsa funso limene Akhristu ambiri anali asanakumanepo nalo. Mukachoka pa Buku Lopatulika n'kutsegula mndandanda wa mabuku a mu Buku Loyera limene lili m'pulogalamuyi, mupeza mayina amene wa CCAP kapena wa Baptist sanawamvepo paguwa, monga Tobiti, Yuditi, Baruki ndi mabuku awiri a Amakabeo. Apulotesitanti amawerenga mabuku 66, Akatolika 73, ndipo mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia umawerenga 81. Kusiyana kwa Akatolika ndi Apulotesitanti kuli m'Chipangano Chakale mokha, chifukwa pa mabuku 27 a Chipangano Chatsopano amagwirizana, ndipo mndandanda wa mabuku 27 amenewa, monga tili nawo lero, umapezeka koyamba m'kalata ya Pasaka imene Athanasius yemwe uja analemba mu 367. Misonkhano ya ku Hippo mu 393 ndi ku Carthage mu 397 inalandira mabuku owonjezera aja. Martin Luther m'Baibulo lake la 1534 anawaika padera pakati pa Zipangano ziwiri monga mabuku abwino kuwerenga koma osafanana ndi Malemba. Ndipo msonkhano wa Akatolika wa ku Trent mu 1546 unatsimikiza kuti ndi Malemba. Pulogalamuyi siikira kumbuyo mbali iliyonse. Imangoika Mabaibulo onse pamzere umodzi, ndipo ine ndikuona kuti kutero ndi chilungamo, ngakhale kuti wowerenga wachinyamata amasiyidwa ndi funso popanda womuyankha.

Funso lachiwiri ndi lakuti ndani ali ndi mawu omaliza pa tanthauzo. Onse amavomereza 2 Timoteo 3:16, kuti lemba lililonse adaliuzira Mulungu, ndi 2 Petro 1:20-21, kuti aneneri analankhula motsogozedwa ndi Mzimu Woyera. Kusiyana kumayamba pambuyo pake. Chivomerezo cha Westminster cha 1646, chimene mipingo ya Chipresbateria imachilemekeza, chimaphunzitsa kuti Malemba amamasuliridwa ndi Malemba, malo ovuta akuunikiridwa ndi malo omveka bwino, ndi kuti misonkhano ya mpingo ingathe kulakwa. Akatolika, m'chikalata cha Dei Verbum cha 1965, amaphunzitsa kuti Malemba ndi Mwambo Woyera zimachokera ku gwero limodzi, ndi kuti udindo womasulira movomerezeka uli ndi aphunzitsi a mpingo, amene sali pamwamba pa Mawu a Mulungu koma amawatumikira. Chimene mbali zonse ziwiri sizinaphunzitsepo ndi chakuti munthu aliyense payekha, ndi vesi limene lamugwira mtima lero, ndiye woweruza. Koma foni ndi chipangizo cha munthu mmodzi, chogwiridwa m'chipinda ali yekha, ndipo mosazindikira imatha kuphunzitsa maganizo amenewo. Anthu a ku Bereya amene amayamikiridwa pa Machitidwe 17:11 ankasanthula Malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene Paulo ankanena zinali zoona, ndipo ankachita zimenezo monga gulu la m'sunagoge, atamva kaye chiphunzitso.

Mawu a m'munsi aja amabweretsanso nkhawa ina imene mphunzitsi ayenera kuikonzekera. Wachinyamata akapeza cholembedwa chakuti Marko 16:9-20 ndi nkhani ya mkazi wogwidwa m'chigololo ya pa Yohane 7:53 mpaka 8:11 sizipezeka m'mipukutu yakale kwambiri, angathe kufunsa ngati Baibulo ndi lodalirika n'komwe. Yankho loona n'lakuti tikudziwa za malo amenewa chifukwa mipukutu ya Chigiriki ya Chipangano Chatsopano ilipo yoposa 5,000, ndipo akatswiri angathe kuiyerekeza n'kuona pamene wokopera anawonjezera kapena kudumpha. Omasulira amene amalemba zimenezi pansi pa tsamba akuchita chilungamo, ndipo chiphunzitso cha Utatu sichitsamira pa malo okayikitsawo. Mpingo umene umabisa nkhanizi poopa kufooketsa anthu umangosiyira ntchitoyo otsutsa, amene adzaziulula mwa njira yawo.

Gawo limene landikhutiritsa pang'ono ndi la mapulani owerengera. Alipo ambirimbiri, olembedwa ndi mipingo ndi mabungwe osiyanasiyana, ambiri mwa iwo m'Chingelezi, ndipo ochuluka ndi a masiku owerengeka okhudza nkhawa, banja, ndalama kapena chiyembekezo. Ofotokoza ziphunzitso zikuluzikulu alipo, koma ubwino wake umadalira amene walemba, ndipo wowerenga ayenera kuyang'ana dzina la bungwe asanayambe. Pa nkhani ya Utatu chenjezo langa lili pa mafanizo ofulumira amene alaliki ambiri amawakonda, monga lija la madzi, ayezi ndi nthunzi. Fanizo limeneli limamveka lokoma, koma limaphunzitsa chinthu chimodzi chosintha maonekedwe, chimene ndi chiphunzitso cha Sabellius chimene mpingo unachikana m'zaka za m'ma 200, ndipo wobatiza m'dzina la Yesu lokha angalilandire ndi manja awiri. Mapulani amene ndingawavomereze popanda kukayika ndi ongowerenga buku lathunthu mutu ndi mutu, monga Yohane, Aheberi kapena Yesaya, kapena Baibulo lonse m'chaka chimodzi.

Pulogalamuyi ilibe gawo lapadera la zivomerezo za mpingo, ndipo sindikuiimba mlandu chifukwa inadzipatsa ntchito yofalitsa Baibulo. Komabe wophunzira za Utatu amafunika kukhala ndi Chikhulupiriro cha ku Nicaea pafupi, makamaka monga chinakonzedwera ku Constantinople mu 381, pamene gawo la Mzimu Woyera linakulitsidwa n'kunena kuti Iye ndi Ambuye wopatsa moyo, wopembedzedwa ndi kulemekezedwa pamodzi ndi Atate ndi Mwana, amene analankhula mwa aneneri. Mawu omalizawa akusonyeza kuti akale aja sankalekanitsa nkhani ziwiri zimene tikukambazi, popeza Malemba ali ndi ulamuliro chifukwa wolankhula m'menemo ndi Mzimu amene ali Mulungu. Akatolika ndi Aanglikani amachinena chivomerezo chimenechi pa Misa ndipo ambiri amachidziwa pamtima, pamene m'mipingo ina chimene chimamveka kawirikawiri ndi Chikhulupiriro cha Atumwi, ndipo m'mipingo yambiri yatsopano simunenedwa chivomerezo chilichonse. Wa ku Sinodi ya Nkhoma ali ndi thandizo m'katekisma wake, amene mizu yake ili mu Katekisma wa Heidelberg wa 1563. Kwa amene alibe buku lotere, pulogalamuyi ili ndi malo olembapo ndemanga pa vesi lililonse, ndipo angathe kukoperamo chivomerezo chonse pansi pa Mateyu 28:19 kuti azichipeza mosavuta. Kungoti ndemanga ndi utoto zimasungidwa pa akaunti, choncho ndi bwino kutsegula akauntiyo ndi imelo imene mudzaikumbukire, kuti foni ikatayika kapena ikawonongeka zolemba zanu zidzapezeke m'foni yatsopano.